Tinakaona siteshoni imene inasamuka: lipoti la ulendo wa ku Bulawayo

Nkhani yopita ku Bulawayo inayambira pamaliro. Tinali kusiwa ku Mpingwe, kwa mnzathu amene anapuma ntchito ya njanji kalekale, ndipo usiku utakula madala awiri anayamba kutsutsana za kasiteshoni kena ka pa njanji ya kumwera, kupitirira Luchenza, kamene tonse timakadziwa. Wina ankati kanyumbako katsala pang'ono kugwa, bwanji tikanyamule tikakaimike ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa Chichiri, pafupi ndi injini yakale ya sitima yotchedwa Shamrock. Mnzakeyo anaseka mpaka kutsokomola, amvekere nyumba ndi nkhuku kodi yoti n'kuipanira m'khwapa? Pamenepo bambo wina amene anakulira ku Zimbabwe anati iye anaionapo ndi maso ake siteshoni yochita kunyamulidwa, ndipo ili ku Bulawayo mpaka lero. Palibe anamukhulupirira. Tinasonkha ndalama miyezi isanu ndi itatu, kenaka tinanyamuka anthu 11 kukadzionera tokha.

Kwa amene simutidziwa, ndife kagulu ka anthu amene anagwirapo ntchito ya njanji pamodzi ndi ana awo, ndipo timakumana ku Limbe Loweruka loyamba la mwezi. Ine sindinagwirepo ntchitoyi. Bambo anga ndi amene anali gadi, ndipo ulembi anandipatsa chifukwa ndinali mphunzitsi, akuti aphunzitsi satopa ndi cholembera. Ndalemba ngati mlembi, koma pena ndaponyamo maganizo anga, a wapampando andikhululukire.

Basi tinakwerera pa Wenela kusanache. Achinyamata ambiri amangodziwa kuti ndi depoti, osadziwa kuti dzinali linachokera ku bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumigodi ku Joni, ndipo siteshoni ya sitima ya Blantyre ili chapomwepo. Pa boda ya Mwanza ndi Zóbuè tinadutsa popanda vuto. Titafika ku Moatize madala onse anaunjikana pazenera limodzi kuonerera mabogi a malasha, basi mpaka kupendekeka, akuwerenga mokweza ngati ana a sitandade 1 ndi kutsutsana kuti mutu wa sitima umodzi ungakoke angati pachitunda. Tinawoloka Zambezi pa Tete, ndipo titangopitirira Changara basi inafa. Tinakhala maola anayi pansi pa mlambe. Nkhuku ndi mbatata zimene amayi msungichuma anakonza kuti tikadye ku Harare zinathera pomwepo. Pa Nyamapanda tinafika kutada, ku Harare tinagona pang'ono, m'mawa mwake n'kuyambanso makilomita pafupifupi 440 opita ku Bulawayo.

Amene mudzapiteko mu June mudzatenge majuzi awiri. Kuzizira kwa ku Bvumbwe ndi masewera.

Nyumba yosungiramo zinthu zakale za njanji ili m'dera lotchedwa Raylton, kuseri kwa siteshoni yaikulu ya mzindawo. Ndi ya National Railways of Zimbabwe ndipo inatsegulidwa mu 1972. Tinalowa pa kanyumba kamalata kokhala ndi khonde, amayi msungichuma analipira, tinalemba mayina m'buku la alendo. A wapampando, amene mtima unali kale m'mwamba, anauza munthu amene ankatimasulira chilankhulo kuti afunse kumene kuli siteshoni yosamukayo, tisachedwe ndi zina. Bambo wotilandirayo anamwetulira n'kuloza pansi pamene tinaima. Tinali titalowamo kale.

Kanyumbako ndi siteshoni ya ku Shamva, tauni ya migodi ya golide kumpoto chakum'mawa kwa Harare, kumene njanji inafika mu 1913. Anaiphwasula komweko n'kudzaimanganso kuno, mtunda wopitirira makilomita 500, ndipo lero ndi polandirira alendo. Madala amene anaseka pamaliro paja anangovula chipewa n'kuyamba kukanda dazi. Sanayankhule kwa nthawi ndithu.

Amene anatiphunzitsa zenizeni sanali wotilandirayo ayi, koma mnzathu yemwe tinapita naye, kalipentala amene anagwira ntchito zaka zambiri m'mashopu a njanji ku Limbe. Ife tikujambulitsa zithunzi pakhonde, iye anali atagwada kale pakona, akugogoda nsanamira ndi kiyi wa nyumba yake, khutu ataligunditsa pathabwa. Akuti thabwa lamoyo limayankha mouma, lodyeka ndi chiswe limalira ngati ng'oma yonyowa. Anatsata ndi chala mzere umene malata amakumana, anayang'ana m'mwamba m'mene mitanda yagwirirana, kenaka anandiitana.

"Alembi, bwerani mulembe ichi. Nyumba yotere sagumula. Amaimasula."

Anandifotokozera ndili chiimire ndi kope langa. Makampani a njanji akale ankakonda kumanga ndi matabwa ndi malata chifukwa zipangizo zimabwera pa sitima yomweyo, zimaima m'masiku ochepa, ndipo ntchito ikasunthira kwina nyumba nayonso imatha kutsatira. Ukafuna kuisamutsa umayamba waijambula mbali zonse ndi kuyeza chilichonse, ngakhale kutalika kwa sitepe. Kenaka chidutswa chilichonse umachilemba nambala pamalo osaonekera, nambala yomweyo n'kuilembanso papepala la mapulani. Pomasula umayambira kumene womanga anamalizira: magalasi ndi zitseko kaye, malata a denga, mitanda, makoma, pansi pomaliza. Misomali sukoka mwamphamvu, chifukwa lata lakale likang'ambika pabowo ndiye lapita. Thabwa lowola umasintha ndi la mtundu wofanana, koma osalipaka zoti lioneke lakale, kuti wodzakonza m'tsogolo adzadziwe chimene chili choyambirira. Ndipo kumalo atsopanowo umayamba ndi maziko otukula matabwa kuti asakhudze dothi, apo ayi wangosamutsira chiswe ndiwo.

Anamaliza ndi kunena kuti palibe chachilendo apa, kumudzi denga la nkhokwe timalinyamula amuna asanu ndi mmodzi n'kukaliveka pa nkhokwe ina. Amene anati mutu umodzi susenza denga ankanena zimene ankaziona.

M'katimo muli monga siteshoni zinkakhalira: zenera logulitsira matikiti, zikwangwani za malamulo ndi nthawi, ndi zida za ntchito ya tsiku ndi tsiku. Pagulu lathu panali agogo amene anali kalaliki wa matikiti, munthu wosayankhulayankhula, amene ulendo wonse anangokhala phee atafunda bulangete. Ataona zeneralo anapempha ngati angaime kuseri kwake. Atawalola, anakonza kolala, anaweramira pang'ono monga ankachitira, n'kundiyang'ana ngati sanandionepo.

"Mukupita kuti, mayi?"

Ndinati ku Luchenza, agogo.

"Nokha, kapena ndi mwana? Katundu ali panja apoyo ndi wanu? Akayezedwe kaye."

Dzanja lawo lamanja linapita lokha m'mwamba kumene kunkakhala timatikiti takatoni tija, linatsika, n'kukankha ngati akudinda deti. Tonse tinaseka. Koma iwo sanaseke, ndipo atatuluka anakakhala pabenchi pakhonde okhaokha. Nditawatsatira anandiuza kuti zonse zili bwinobwino, zenera ndi lomwelo, koma pamene anayang'ana panja sanaone munthu wodikira. Siteshoni, anatero, ndi phokoso la amayi a nthochi, ndi fungo la nsomba zouma, ndi munthu wochedwa akuthamanga ndi mbuzi pachingwe. Apa pali udongo wokhawokha. Mawu amenewa anandikhala m'mutu mpaka kwathu, ndipo ndikuvomera kuti ndi amene anayamba kundisintha maganizo, pakuti ponyamuka ku Blantyre ndinali mbali ya onyamula.

Zina zonse tinaziona mothamanga. Muli bogi ya Cecil Rhodes, imene inanyamulanso mtembo wake mu 1902 kuchokera ku Cape Town pokamuika ku mapiri a Matobo. Ndi yokongola, sindikana, koma ine sindinachedwemo. Ndinkaganiza za mabenchi ouma amene makolo athu ankakhalira masiku awiri ndi katundu pamiyendo pamene ena ankadyera patebulo m'sitima yomweyo. Madala athu anakomedwa kwambiri ndi kainjini kotchedwa Jack Tar, kopangidwa mu 1889, kamene kanali koyamba kuwoloka mlatho wa Victoria Falls umene unamalizidwa mu 1905. Anakazungulira akukasisita ngati mwana wa ng'ombe, akuti ndi mkulu wake wa Thistle ndi Shamrock, injini ziwiri za kampani ya Bagnall zimene zinabwera kwathu mu 1904 pamene Shire Highlands Railway inkamangidwa. Thistle ili pa siteshoni ya Limbe, Shamrock ili pa Chichiri. Wotilandira uja sankadziwa kuti ku Malawi kuli injini za msinkhu umenewo, ndipo a wapampando anatukumuka ngati anazigula ndi ndalama zawo. Panja pali zimainjini za mtundu wa Garratt, zazitali moti sizikwana pachithunzi chimodzi. Kalipentala wathu anangondikodola n'kundionetsa pamene madzi a mvula amakhazikika pachitsulo. Chinthu chokhala panja chimafuna penti chaka ndi chaka, ndipo penti sagula ndi chikondi.

Madzulo a tsiku lachiwiri wotimasulira anatitengera ku Sizinda, komboni imene inali ya ogwira ntchito za njanji, kumene ali ndi abale. Mbali iyi sinali pa pulogalamu, koma ndikanakhala ndi mphamvu ndikanaiika poyamba. Ogwira ntchito ya njanji ku Rhodesia ambiri anali ochokera ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia, ndipo sitalaka yaikulu ya anthu akuda a njanji ya mu 1945 inayambira mumzinda womwewu. Ngakhale Joshua Nkomo anayambira kutchuka ali ku njanji, akutsogolera bungwe la ogwira ntchito. Ana ndi zidzukulu za anthu amenewo alipobe. Ena kumeneko amawatchula kuti Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale munthu atakhala wa ku Nkhata Bay.

Anatiphikira nsima, kumeneko amati isitshwala, yolimba kuposa yathu. Mayi wina wachikulire, wobadwira konko, anakhala pafupi nane n'kumandigwira dzanja nthawi yonse. Chinyanja chake chinali chakale, cha bambo ake a ku Thyolo amene anachoka ali mnyamata osabwereranso. Iye ku Malawi sanafikeko, koma ankatchula masiteshoni motsatana ngati pemphero: Limbe, Luchenza, Khonjeni, Sandama, Makhanga, Chiromo, Port Herald. Bambo ake ankawaimbira ana pogona. Anadzera njira imeneyo, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa mu 1935, kutsikira ku Dondo pafupi ndi Beira, n'kukhotera ku Umtali (lero ndi Mutare), Salisbury (lero ndi Harare) mpaka Bulawayo, njanji yake ya muyeso umodzi, mamilimita 1,067, kuchokera pakhomo pathu mpaka pakhomo pawo.

"Mwana wanga," anandifunsa, "sitima ya nthochi ija ikuyendabe?"

Ndinasowa poyambira. Ndinamuuza za madzi osefukira a mu 1997 amene anadula njanji pa Chiromo. Ndinamuuza kuti nthochi za ku Thyolo zinapululuka ndi matenda a chisaka. Port Herald ndinati tsopano ndi Nsanje, anati akudziwa, koma bambo ankati Port Herald. Kenaka ndinamuuza chimene tadzera, kuti tikufuna kuchotsa kasiteshoni kamodzi pa mzere umenewo tikakasunge m'tauni. Anandisiya dzanja.

"Nanga ndikadzabwera ndidzakapeza pati?"

Ali ndi zaka zoti mwina sadzabwera, ndipo tonse awiri tinkadziwa. Koma funsolo ndinalephera kuliyankha.

Msonkhano weniweni unachitikira m'basi pobwerera, pakati pa Mutoko ndi boda, anthu ena okwera akutiyang'ana. Kalipentala ndi amene anaponya mwala m'dziwe. Anati achimwene, zimene taonazi n'zoona, koma tisanamizane: ya Shamva ndi ya matabwa ndi malata, yathu ija ndi ya njerwa zootcha zomangira dothi, laimu pang'ono kunja. Ilibe bawuti yoti umasule. Mukhoza kuchotsa njerwa imodziimodzi, koma zambiri zidzafumbutuka m'manja, ndipo chimene mudzamange ku Chichiri chidzakhala nyumba yatsopano yovala njerwa zakale. Kunja kuli makina onyamula nyumba yathunthu pa zitsulo, koma aliyense amene anayendapo msewu wopita kumeneko nthawi ya dzinja akudziwa yankho lake. A wapampando anakalipa kuti nanga bwanji simunanene tisanawononge ndalama za thiransipoti. Iye anati akananena pa Limbe tikanati ndi ulesi, anafuna tione kaye kusiyana kwake.

Mnyamata wa pagulu lathu, mdzukulu wa dalaivala wa sitima amene amagwira ntchito ya zamalamulo, anawonjezera kuti ngakhale ikanakhala yomasuka, si yathu. Njanji ndi nyumba zake ndi katundu wa boma, ndipo kuyambira mu 1999 akuyendetsa ndi a Central East African Railways. Palinso lamulo la mu 1990 loteteza zipilala ndi zinthu zakale, moti chinthu chotere sungangofikapo ndi lole. Pafunika makalata ku kampani, ku dipatimenti yoona za zinthu zakale, ku khonsolo ya boma, ndi kwa mfumu ya deralo. Apa a wapampando anakhala chete mpaka Tete.

Sindikufuna kuti omwe akufuna kusamutsa aoneke ngati opanda nzeru, chifukwa mfundo yawo ndi yolemera. Siteshoni ya Shamva ikanasiyidwa kumene inali, ndani akudziwa ngati bwenzi ilipo lero? Ku Bulawayo ili ndi mlonda, ili ndi denga losadontha, ana a sukulu amailowa. Yathu ija malata awiri anapita kale, chitseko chimodzi chinasanduka nkhuni. Ndipo Blantyre amadziwa kusunga akafuna: Mandala House ya mu 1882 ilipo, tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamalizidwa mu 1891 chilipo. Koma onani kuti ziwirizi zakhalitsa pamalo pomwe zinamangidwa, ndipo zakhalitsa chifukwa tsiku lililonse muli anthu. Maganizo anga ndi amenewo, ndipo ndinawanena m'basimo ngakhale mlembi sayenera kutenga mbali.

Tinagwirizana chinthu chimodzi chokha, kuti tisanavote tipite tikakaonenso kanyumbako ndi maso atsopano. Patatha milungu iwiri tinapita anthu anayi, pa minibasi mpaka Luchenza, kotsalako pa njinga zamoto. Ena mwa ife tinali titatha zaka zoposa khumi osafikako. Njanji imeneyi ndi imene inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo ukaima pamenepo umaona m'mene anthu anakumbira phiri ndi makasu.

Tinapeza pakhonde pali amayi asanu akugulitsa tomato, zigumu ndi nzimbe. M'chipinda chimene chinali cha matikiti munali ana aang'ono oposa makumi awiri atakhala pamphasa, mtsikana wina akuwaimbitsa a e i o u, zilembo atazilemba ndi makala pakhoma. Zenera la matikiti lilipo, zitsulo zake zonse zinayi, ndipo ana amapatsirana makapu a phala podzera pamenepo. Agogo a matikiti aja anaima nthawi yaitali akuonerera.

Kalipentala anatulutsa tepi, ine kope. Khoma la kumvuma lang'aluka kuchokera pazenera mpaka pansi chifukwa madzi a padenga amagwera m'tsinde mwake. Mitanda itatu yadyeka, ina yonse inayankha mouma. Pansi pa mulu wa zinyalala kuseri tinapeza chitsulo cha sikelo yoyezera katundu, chadzimbiri koma chathunthu. Tili mkati moyeza, mmodzi wa amayi aja anadzuka, anapukuta manja pachitenje n'kutifunsa ngati ndife a boma. Tinati ayi. Anafunsa ngati tabwera kudzagumula. A wapampando anayamba kufotokoza za Bulawayo, za Shamva, za manambala a pamatabwa, koma mayiyo anawadula mwaulemu.

"Bambo, zonsezo ndamva. Koma mukaichotsa, mvula ikabwera anawa tizikawalowetsa kuti?"

A wapampando anayang'ana kalipentala, kalipentala anayang'ana denga. Kenaka anafunsa mayiyo ngati m'mudzimo muli woumba njerwa ndi munthu wodziwa kukhoma malata. Anati alipo, mlamu wake, ndipo a mfumu akhoza kuitanitsa anthu a mchenga ngati wina atabweretsa malata ndi laimu. Kalipentala anatsindika kuti simenti asayerekeze kuipaka pa njerwa zimenezo, imatsekera chinyontho m'kati njerwa n'kumafumbutuka. Pafunika laimu monga anachitira oyambawo. Anawerengera pakope langa malata 14, mitanda itatu, chitseko chimodzi ndi ngalande yozungulira nyumba yonse.

Voti sinachitikebe. A wapampando akuti sikelo yokhayo ndiye iyenera kupita ku Chichiri zivute zitani, ndipo pamenepo sindikutsutsa, bola eni ake alole. Makalata anayi aja ndalemba, akudikira siginecha. Amene simunamalize chopereka cha ulendo, amayi msungichuma akuti mukudzidziwa. Ndipo amene muli ndi zithunzi zakale za masiteshoni a kumwera, ngakhale zong'ambika, bwerani nazo Loweruka likudzali. Tikufuna kuona ngati khonde lija linali ndi nsanamira zinayi kapena zisanu, chifukwa madala awiri aja ayambanso kutsutsana. Chithunzi chimodzi cha kanyumbako, ana ali pazenera, ndatumiza kale ku Sizinda.